ZA ANA ATHU NDI SUKULU: Tisanamutche Mbutuma, Tiyambe Tamuyesa

Mwezi uno tifuna ticheze nanu, makolo ndi achinyamata amene mumaŵerenga tsamba lino, za mwana wina amene pafupifupi mphunzitsi aliyense wa makalasi aakulu a pulayimale anakumana naye, ngakhale kuti si onse anamzindikira. Mwanayu amakhala wa zaka 11 kufikira 14. Pocheza ndi wochangamuka, mukamtuma kumsika salakwitsa chenje, nyimbo ya kwaya amailoŵeza tsiku limodzi. Koma mukampatsa buku kuti aŵerenge pamaso pa anzake, thukuta limayamba kutsika ngati akulima m'mwezi wa Okutobala. Ife aphunzitsi tili nawo maina amene timamtcha: waulesi, wouma mutu, mbutuma. Makolo nawonso ali ndi zonena zawo. Ena amati anatengera kuchimuna, ndipo ena amanong'onezana kuti pali munthu anamtseka mutu ndi mankhwala.

Kumayambiriro kwa teremu yachiŵiri ya chaka chatha kunafika pasukulu pathu atsibweni ake a mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, Sitandade 6. Dzina lake sititchula. Mnyamatayo anali ndi zaka 13, atabwereza kale Sitandade 3 ndi Sitandade 5. Atatha malonje, atsibweniwo anati, "Aphunzitsi, ndabwera kudzatsazika m'malo mwa mphwanga uja. Sukulu yamkana. Kuli bwino adzandithandize kudimba kusiyana ndi kumangotha sopo ndi makope."

Tinawapempha kuti, "Bambo, tibwerekeni mwanayu teremu imodzi yokha. Tikalephera tidzabwera naye tokha kudimbako."

Tivomere pano kuti sitinapemphe chotero chifukwa cha chifundo chokha ayi, komanso chifukwa cha manyazi. Teremu yonse yoyamba mnyamatayo anali m'manja mwathu, ndipo kaŵiri konse tinamtchetchetsa udzu chifukwa chosamaliza kukopera za pabolodi. Tagwira choko zaka zoposa 30, koma sitinakhalepo naye pansi ngakhale theka la ora kuti tione pamene penipeni pakumkanika.

Vuto lotere si lachilendo, ndipo silinayambire kuno. M'chaka cha 1896 dokotala wina wa ku Seaford m'dziko la England, W. Pringle Morgan, analemba m'magazini ya madokotala za mnyamata wa zaka 14 amene anali wochenjera pa maseŵera, wosavutika ndi manambala, maso ake ali bwinobwino, koma atakhala pasukulu zaka zambiri sankatha kuŵerenga mawu aatali, ndipo ngakhale dzina lake lomwe ankalilemba mosemphanitsa zilembo. Mphunzitsi wa mnyamatayo anauza dokotala kuti maphunziro onse akanakhala apakamwa, palibe akanampambana pasukulupo. Madokotala a masiku amenewo ankayesa kuti vutoli nla kaonedwe, nalitcha khungu la mawu. Dzina limene lakhazikika lero, lakuti dyslexia, linachokera kwa dokotala wa maso wa ku Stuttgart m'dziko la Germany, Rudolf Berlin, m'zaka za m'ma 1880. Koma ofufuza a m'zaka 50 zapitazi apeza kuti gwero lake kaŵirikaŵiri silili m'maso. Lili pa mmene ubongo umagaŵira mawu olankhulidwa m'timaliwu ting'onoting'ono ndi kutilumikiza ku zilembo. Mwana amamva liwu lakuti "phala" lathunthu, nalidziŵa, nadziŵanso kukoma kwake. Koma kuliphwanya kuti aone kuti muli maliwu anayi otsatana, ndi kuti loyambalo nlosiyana ndi loyamba la "pala", pamenepo mpamene pamamkanika. Vutoli limayenda m'magazi, silichokera ku ulesi, ndipo limagwira wanzeru zambiri ndi wanzeru zochepa yemwe. Akatswiri ambiri amaŵerengera kuti limapezeka mwa ana 5 kufikira 10 pa ana 100 alionse. M'kalasi mwathu munali ana 94, ŵerengerani nokha.

Tsono sitiyenera kuthamangira dzinali ayi. Mwana angalephere kuŵerenga pa zifukwa zambiri, ndipo zina mwa izo nzapafupi kuchiza. Choncho tinayamba ndi zapafupizo. Tinamkhazika kumbuyo kwa kalasi, atatseka diso limodzi kenaka linalo, natiŵerengera manambala a pabolodi, anawatchula onse. Tinaima kumbuyo kwake, iye atatseka khutu limodzi, ndi kunong'ona manambala; anawamva. Kuyesa kotere nkwa kumudzi chabe, ndipo mwana amene wakayikitsa ayenera kupita kuchipatala, pakuti khutu limene lakhala likutuluka mafinya zaka zambiri limagonthetsa mwana pang'onopang'ono popanda wina kuzindikira. Tinapempha mayi ake kuti abwere ndi buku lake la kuchipatala, tinawafunsa za kubadwa kwake, za zaka zimene anayamba kulankhula, za matenda aakulu, ndiponso ngati alipo wina kubanjako amene sukulu inamvuta chimodzimodzi. Pa funso lomalizali mayiwo anangoŵerama osayankha, ife sitinaumirire. Pomaliza tinafufuza m'makaundula akale. Mnyamatayo sanali wojomba. Chaka chilichonse masiku amene anasoŵa sankafika 10.

Za kaundulazi tikhalepo pang'ono, chifukwa kuno kwathu ndiye pali msampha. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi aang'ono anasefukira, ndipo kafukufuku wa kaŵerengedwe ka ana amene anachitika m'dziko muno mu 2010 anapeza kuti ana oposa theka a mu Sitandade 2 sanathe kuŵerenga ngakhale liwu limodzi la nkhani ya Chicheŵa. Ana onsewo sangakhale ndi dyslexia. Ambiri sanaphunzitsidwe mokwana basi: buku limodzi ana asanu, mphunzitsi mmodzi ana 120, njala, kudwala, kusamukasamuka. Chotero funso lenileni si lakuti, kodi mwanayu akuŵerenga ngati mwana wa ku London? Funso ndi lakuti, kodi akuŵerenga motani poyerekeza ndi anzake amene anakhala naye pansi pa mtengo umodzimodzi, naphunzitsidwa ndi aphunzitsi omwewo masiku ofanana? Nchifukwa chake chilichonse chimene tinamuyesa nacho mnyamatayo tinayesanso nacho anzake asanu a pakatikati, osati otsogola kapena otsalira.

Yeso limene linatitsegula maso nlapafupi kotero kuti kholo lililonse lodziŵa kuŵerenga lingalichite pakhonde madzulo ano. Tinasankha nkhani ziŵiri za Chicheŵa zofanana kutalika ndi kulimba kwake. Yoyamba tinamŵerengera ife, iye akungomvetsera, ndipo tinamfunsa mafunso 8. Anakhoza 7, nawonjezapo maganizo ake pa khalidwe la munthu wa m'nkhaniyo amene ife sitinawaganize. Yachiŵiri anaŵerenga yekha. Anakhoza mafunso 2 okha. Mutu womwewo, tsiku lomwelo, chilankhulo chomwecho. Nzeru zomvetsa nkhani anali nazo zokwana. Chimene chinali chotsekeka ndi khomo loloŵera kudzera pa pepala. Mu 1986 akatswiri aŵiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza kuti kuŵerenga komvetsa kumaima pa miyendo iŵiri: kutha kutembenuza zilembo kukhala mawu, ndi kutha kumvetsa chilankhulo. Mwendo umodzi ukathyoka munthu sayenda, koma wochiza ayenera kudziŵa kuti wathyoka ndi uti.

Mwaona kuti tinamuyesa m'Chicheŵa. Ichi tichinene mobwereza, pakuti aphunzitsi anzathu ambiri amalakwira pomwepa. Mwana akalephera ndime ya Chingerezi simungadziŵe ngati chamkanika ndi kuŵerenga kapena Chingerezicho. Yesani mwana m'chilankhulo chimene amalotera. Ngati kunyumba amalankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena, funani munthu wodziŵa chilankhulocho akuthandizeni pa zonse za pakamwa, ndipo musaŵerengere ngati cholakwa chimene changochokera ku kalankhulidwe ka kwawo. Ngakhale pakati pa Acheŵa okhaokha, mwana wolemba "r" pamalo pa "l" sanaonetse chizindikiro chilichonse. Tonsefe timatero, ndi akuluakulu a mpingo omwe polemba makalata a msonkhano.

Pamene tinadziŵa mwendo wothyoka, tinayamba kuupapasa kuti tipeze pothyokapo. Tinatseka mabuku onse ndi kuseŵera naye maseŵera a pakamwa. Tinati, "Nena chimanga." Ananena. "Tsopano nenanso koma usiye chi." Anaganiza pang'ono nati, "Manga." Pa maphatikizo athunthu sanavutike kwambiri, ndipo sizodabwitsa, popeza ana athu amakula ndi ba be bi bo bu. Koma titatsikira ku maliwu a m'kati mwa phatikizo, zinthu zinasintha. "Nena mbale, koma usiye liwu loyambalo." Anzake asanu aja anati "bale" mosachedwa, iye anati "le". "Nena gule mobwerera chakumbuyo, phatikizo lomaliza likhale loyamba." Anzake anaseka nati "legu", iye anayesa katatu, milomo ikugwedera, nasiya. Tinamfunsa ngati "thumba" ndi "tumba" akuyamba mofanana, iye nati inde.

Kenaka tinamlembera mawu opeka, opanda tanthauzo, onga "fipa", "lomuzi", "nthweba" ndi "gwimfo". Wina angafunse kuti, nanga kuyesa mwana ndi mawu abodza nkwanji? Chifukwa chake nchakuti ana otereŵa ndi akatswiri a kuloŵeza ndi kulota. Mnyamata wathuyu anafika Sitandade 6 poloŵeza maonekedwe a mawu ndi kumvetsera anzake akamaŵerenga molandizana; ikafika nthaŵi yake amanena za pamtima chala chikuyenda pa mzere. Ku Sande Sukulu ankatchuka ndi mavesi a pamtima, ndipo palibe anazindikira kuti m'buku sankawapeza pamene ali. Liwu lopeka silingaloŵezedwe kale, silingalotedwe. Liyenera kuŵerengedwa chilembo ndi chilembo. Pa mawu 20 otere anakhoza 6, ndipo anayesetsa kusandutsa ena kukhala mawu enieni: "lomuzi" anati "lamuzu", kenaka "mudzi".

Tinatenganso wotchi. Chicheŵa chimalembedwa monga momwe chimamvekera: zilembo zisanu za a, e, i, o, u zili ndi maliwu asanu, lero ndi maŵa chimodzimodzi. Ofufuza a m'maiko a zilankhulo zolembedwa molunjika chotere, monga Italy, Finland ndi Austria, anapeza kuti ana a dyslexia kumeneko amafika potha kuŵerenga molondola ndithu, koma mochedwa kwambiri ndi movutikira. Choncho kwa ife wotchi ndi mboni yofunika kuposa kuŵerenga zolakwa kokha. Pa mphindi imodzi mnyamatayo anaŵerenga mawu 14 molondola, pamene wotsika mwa anzake asanu aja anafika 47. Mawu aatali ndiwo ankamgwetsa. Chilankhulo chathu chimamanga chiganizo chonse m'liwu limodzi, monga "akadzatithandizanso". Iye akafika pa phatikizo lachisanu amakhala ataiŵala loyamba, ndipo amangolota mathero ake. Tinampatsanso pepala la manambala asanu obwerezedwabwerezedwa mosakaniza, onse pamodzi 50, kuti awatchule mofulumira monga angathere. Manambalawo amawadziŵa bwino lomwe, koma kuwatulutsa m'kamwa kunamtengera nthaŵi pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri anzake. Kuchedwa kotere potchula zinthu zodziŵika kale kumayenda limodzi ndi vutoli kaŵirikaŵiri.

Pa lembetso ndiye zonse zinaonekera poyera. "Mphunzitsi" analemba "mpuzisi", "nyumba" analemba "nyuba", "khasu" analemba "kasu", ndipo liwu lakuti "ndiwo" analilemba m'njira zitatu pa tsamba limodzi. Onani kuti zotayikazo ndi timaliwu tija tobisala m'kati mwa phatikizo, "h" wa mpweya ndi "m" kapena "n" wa m'mphuno. Anthu ambiri amaganiza kuti chizindikiro chachikulu cha dyslexia ndi kutembenuza "b" ndi "d". Ana ang'onoang'ono ambiri amatero kufikira zaka 7 ndipo amasiya okha. Mnyamata wathuyu sankatembenuza nkomwe. Tikanadikira chizindikiro chimenecho tikanamtaya.

Nanga nchifukwa ninji vutoli limaphulika mu Sitandade 5 ndi 6? M'makalasi aang'ono mwana amaphunzira kuŵerenga. M'makalasi aakulu amaŵerenga kuti aphunzire, ndipo wosaŵerenga amagwa pa sayansi, pa zaulimi, ngakhale pa masamu a mawu amene akanawakhoza atamŵerengera. Kuwonjezera apo, kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chicheŵa amakhala m'Chingerezi, chilankhulo chimene chili ndi zilembo 26 koma maliwu pafupifupi 44, ndipo chimalemba zofanana nkumatchula zosiyana. Taonani though, through, tough ndi cough: mathero amodzimodzi, katchulidwe kanayi. Mwana amene ankadzikoka ndi ba be bi bo bu akafika pamenepa ndodo yake imathyoka. Ndiye pa msinkhu womwewo manyazi amakula. Wina amasanduka wanthabwala wa m'kalasi, wina wandewu, wina amadwala mutu tsiku lililonse la kuŵerenga mokweza. Inu achinyamata amene mukuŵerenga tsamba lino mukumdziŵa mnzanu wotere, ndipo mwina munasekako nawo.

Tikanalekera pomwepa mukanaganiza kuti mwana aliyense wovutika ali ngati mnyamata uja. Koma yeso la nkhani ziŵiri lija titalichita kwa ana ena otsalira, linatitulutsira mtsikana wa zaka 12 amene sitinkamkayikira nkomwe. Iyeyu amaŵerenga mokweza mosadodoma, mawu 60 pa mphindi, ndipo alendo akabwera pasukulu tinkamuimiritsa kuti aŵerenge. Koma pa mafunso 8 a nkhani imene anaŵerenga yekha anakhoza 2, ndipo pa nkhani imene tinamŵerengera ife anakhozanso 2. Kwa iyeyu khomo la pepala linali lotseguka. Vuto linali m'kati, pa kumvetsa ndi kumanga chilankhulo chenichenicho, ngakhale cha pakamwa.

Agogo ake amene amamlera titawafunsa anati, "Aphunzitsi, mwanayu ngwamwano. Ndikamtuma kuti katunge madzi, pobwera udzere kwa azakhali ako ukatenge lichero, amangobwera ndi madzi okha." Sunali mwano. Tinamuyesa ndi malangizo otalika pang'onopang'ono: limodzi anachita, aŵiri anachita, atatu anagwira loyamba kapena lomaliza lokha. Tinati, "Usanatseke chitseko, uike choko patebulo," iye nayamba kutseka chitseko, chifukwa ndicho chinatchulidwa poyamba. Tinati, "Mnyamata anathamangitsidwa ndi mtsikana, ndani anali patsogolo?" iye nati mtsikana. Tinampempha kuti atifotokozere nthano iliyonse imene amaidziŵa. Anayambira pakati, anthu a m'nthanomo onse anali "ujeni" ndi "uja", ndipo chifukwa chimene chinthu chinachitikira sichinatchulidwe ngakhale kamodzi. Miyambi ndi zining'a amazimva monga momwe mawu akunenera basi. Makutu ake anawayesa kuchipatala, amamva bwino. Amamva liwu, koma tanthauzo limamdutsa chiganizo chikatalika.

Vuto ili nalonso lili ndi dzina. Mu 2017 gulu la akatswiri a m'maiko olankhula Chingerezi, motsogozedwa ndi Dorothy Bishop wa ku Oxford, linagwirizana kulitcha developmental language disorder, ndiye kuti kusakhwima bwino kwa chilankhulo mwa mwana popanda chifukwa china chooneka. Kafukufuku wa ku Surrey m'dziko la England, wofalitsidwa mu 2016, anapeza vutoli mwa ana pafupifupi 7 pa 100 oyamba sukulu. Kuno kwathu pali chinanso choti tizifunsa. Ofufuza a ku Kenya ndi Uganda anaona kuti ana ena amene anachira ku malungo a muubongo amatsala ndi vuto la kulankhula, kukumbukira ndi kutchera khutu. M'buku la kuchipatala la mtsikanayu munalembedwa kuti anagonekedwa ali ndi zaka 3 atakomoka ndi malungo, ndipo tinazilemba m'lipoti lake kuti odziŵa akazione. Dziŵaninso kuti mavuto aŵiriŵa kaŵirikaŵiri amakhala mwa mwana mmodzi, kotero woyesa asaleke pamene wapeza limodzi.

Thandizo la ana aŵiriŵa nlosiyana, ndipo ndicho chifukwa chake kuyesa kuli kofunika. Kumpatsa mtsikanayu maphatikizo nkutaya nthaŵi, amawadziŵa kale. Iye afunika ziganizo zazifupi, langizo limodzi pa nthaŵi, mawu atsopano ofotokozedwa ndi zinthu zogwirika, ndi kumpempha kuti abwereze m'mawu akeake chimene wamva. Kumŵerengera mafunso a mayeso sikungamthandize kwenikweni. Koma mnyamata uja kumŵerengera funso ndiko kummasula.

Tsono ife ndife aphunzitsi wamba, ndipo zonse tafotokozazi ndi kusesa pabwalo chabe. Kutchula dzina la vuto ndi ntchito ya ophunzira za zimenezi. Ku America, kumene makalasi a msinkhu uwu amawatcha middle school, lamulo limene linayamba mu 1975 limapatsa kholo ufulu wopempha kuti sukulu ya boma imuyese mwana popanda kulipira, ndipo amamuyesa anthu angapo: wodziŵa za maganizo ndi kaphunziridwe, wodziŵa za kulankhula ndi chilankhulo, ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Zimene amayang'ana nzomwe tatchulazi: mbiri ya mwana, maso ndi makutu, maliwu, mawu opeka, liŵiro, kalembedwe, kumvetsa kwa pakamwa. Kale ankafuna umboni wakuti nzeru za mwana nzapamwamba kuposa kaŵerengedwe kake asanavomere kuti ndi dyslexia. Masiku ano akatswiri ambiri anasiya muyeso umenewo. Abale athu amene ana awo akuphunzira kunja, akaitanidwa ku zoyesa zotere, asaiŵale kuuza oyesawo chilankhulo cha kunyumba ndi chaka chimene mwana anayamba Chingerezi, pakuti miyeso yawo inakonzedwa poyesa ana obadwira m'Chingerezi. Kuno kwathu njira yake ndi kudzera kwa mphunzitsi wamkulu, iye auze mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, kuti apeze mphunzitsi wa maphunziro apadera. Aphunzitsi otere amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo ena mwa iwo luso lawo ndi la ana ovutika kuphunzira. Ngochepa, ndipo mtunda umene amayenda ngwautali. Chotero mukawaitana, apeze mwasunga kale makope a mwana, zotsatira za wotchi ndi mbiri yake. Ngati mwanayo ayandikira Sitandade 8, mphunzitsi wamkulu adziŵitse a MANEB za vuto lake pa nthaŵi yolembetsa mayeso, osati sabata ya mayeso.

Podikira mphunzitsi wapaderayo sitinakhale manja lende, chifukwa kuphunzitsa kumene ndi yeso linanso, mwina loposa onse. Tinatenga ana asanu ndi mmodzi otsalira pa kuŵerenga, mnyamata uja ali pomwepo, ndi kukhala nawo mphindi 20 tsiku lililonse anzawo ataŵeruka. Tinabwerera pachiyambi penipeni, koma mosawachititsa manyazi: liwu limodzi, chilembo chake, kulitchula, kulilemba pamchenga ndi chala, kuliphatikiza, kuliphwanya, ndi zitsekerero za mabotolo zoimira maliwu kuti aone ndi maso kuti mu "mbale" muli chimodzi choposa mu "bale". Patatha masabata 10, anayi mwa iwo anathamanga nafika pafupi ndi anzawo. Amenewo analibe dyslexia, anangophonya maziko. Aŵiri anayenda, koma pang'onopang'ono ngati ngolo ya m'matope, ndipo chimene aphunzira Lachisanu chinkafunika kuchiyambanso Lolemba. Kulimba kotere kwa vuto, mwana ataphunzitsidwa bwino, ndicho chimodzi mwa zizindikiro zimene odziŵa amadalira. Mphunzitsi wapadera uja atafika anamuyesa mnyamatayo mmaŵa wonse, nayang'ana zolemba zathu, navomereza kuti zonse zikuloza ku dyslexia. Za mtsikana uja anati afunika kuonedwanso ndi odziŵa za kulankhula ku chipatala chachikulu, ndipo agogo ake mpaka lero akusonkhabe ndalama ya ulendo.

Tichenjezepo pang'ono: vutoli lilibe jekeseni, lilibe mphini, ndipo magalasi amitundumitundu amene ena amagulitsa ofufuza sanapeze umboni wakuti amachiza. Mwana amakula nalo, koma amaphunzira kuŵerenga akaphunzitsidwa mwadongosolo ndi mobwereza.

Tinamuitana mnyamatayo patokha ndi kumfotokozera zonse, popeza mwana wa zaka 13 ayenera kumva za mutu wake kuchokera kwa ife, osati kwa anzake. Tinati, "Iwe, mutu wako ulibe chilema cha nzeru. Nkhani umaimva kuposa ambiri m'kalasi muno. Chimene chimakuvuta ndi kulumikiza maliwu ndi zilembo, ndipo chili ndi dzina, ndipo alipo ambiri pa dziko lapansi onga iwe." Anakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Ndiye kuti sanandilodze, aphunzitsi?" Tinati ayi. Tinapepesanso za udzu uja.

Pakutha pa teremu atsibweni aja anabweranso monga tinapanganirana. Tinawaonetsa pepala: mawu 14 pa mphindi poyamba, tsopano 26, mawu opeka 6 pa 20 poyamba, tsopano 13, ndipo pa mayeso a sayansi amene tinamŵerengera mafunso iye nkumayankha pakamwa, anakhala wachisanu ndi chinayi pa ana 94. Sitinawabisire kuti 26 ikali kutali ndi 47, ndi kuti Chingerezi chidzamvutabe. Iwo anagwira pepalalo nthaŵi yaitali, ndipo tinaona kuti maso awo akungokhala pa manambala, osayenda pa mizere ya mawu. Anavomera kuti mphwawo apitirize kufikira Sitandade 8, kudimba azipita Loŵeruka lokha.

Tinawaperekeza mpaka pa msewu, njinga ali chokankha. Tili pafupi kusiyana anaima nati, "Aphunzitsi, ine ndinalekera Sitandade 3. Masamu ndinkakhoza, mpaka lero palibe wogula tomato angandibere. Koma zilembo zinkandikana ngati mmene zikumkanira mwanayu, ndipo bambo anga anati ndine mbutuma." Anayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali wina akumva, nafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi zitsekerero zanu zija zimagwiranso ntchito pa munthu wa zaka 46?"

Tinapangana Lachitatu lililonse madzulo, kunyumba kwathu, ana atapita.